Singano Inaima pa 55

Nottie Broadie, Livingstone
11 Juni 2023

Wokondedwa mwana wanga Keziah,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino kuchigwako. Ife kuno tilipo. Amayi ako mawondo akuwavutabe, mkulu wako Jonah akudya ngati m'mimba muli anthu awiri, chonsecho woyembekezera ndi mkazi wake Inonge. Akuti mwana adzabadwa mu Disembala. Kalata yako ya mwezi watha tinaiwerenga monga mwa nthawi zonse. Ukudziwa kuti sinditsegula kalata yako ndili ndekha, ndimadikira kuti tikhale pansi tonse. Jonah amati ndimawerenga ngati m'busa pa maliro. Mleke anene. Makutu anatha ndi phokoso la pampu moti foni sindiimva, koma maso akadalipo.

Tsopano nkhani ndi iyi. Sikelo yanga yafa. Jonah anaigunda pobweza vani m'mbuyo, ndipo wokonza akuti chitsulo chake chichokere ku Lusaka, mwina miyezi itatu, mwina inayi. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndakhala ndikudzaza mpweya wa kaboni m'masilinda, uja wozimitsira moto ndi wokankhira mowa m'mipopi ya m'maloji, ndipo silinda iliyonse ndimaidzazira pasikelo. Malemu a Mwanamwalye, amene anandiphunzitsa ntchito, ankangoti, "Sikelo, Misheck, sikelo." Chifukwa chake sananene, nanenso sindinafunse, poti masiku amenewo wantchito sankafunsa bwana.

Ndayesa kugwiritsa ntchito geji, ija ya singano yoonetsa mphamvu ya mpweya, koma ikundizunguza mutu. Ndikayamba kupopa, singano imathamanga mpaka pa 55, n'kuima. Pampu ikugwira, silinda ikuzizira, koma singano ili njo ngati bulu wokana katundu. Ndikalekera pomwepo, makasitomala akudandaula kuti mpweya ukutha msanga. Ndikapitiriza, sindikudziwa polekera.

Safunsa anadya phula. Ndinakutumiza ku koleji kuti tsiku ngati lino ndidzakhale ndi wofunsa. Ndiuzeni, aphunzitsi a sayansi, ndidzaze mpaka pati? Yankho upatse a Stanley, kondakitala wa basi ya ku Chipata, sataya kalata.

Ndine atate wako,
Misheck

Sukulu ya Kamphande, Chama
24 Juni 2023

Okondedwa Atate,

Ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino, makamaka za alamu anga. Ine ndilipo, kungoti kuno foni imagwira pokhapokha ukakwera chulu cha kuseri kwa bwalo la mpira, ndipo nthawi zina ngakhale chuluyo amakana.

Funso lanu landisangalatsa, chifukwa ndi zomwe ndaphunzitsa ana a Giredi 11 sabata yomwe ino. Mpweya uli ndi lamulo lake, ndipo ndi losavuta. Mukautsekera m'chotengera, umakankha makoma. Mukawonjezera mpweya kawiri, kukankhako kumawonjezeka kawiri. Ukatentha, kumawonjezekanso, koma pang'ono. Kuchokera pa kuzizira kwa Juni kufika pa kutentha kwa Okutobala, sikungawonjezeke kupitirira gawo limodzi mwa magawo khumi. Lamuloli ndi la mpweya uliwonse, silisankha.

Choncho geji ndi sikelo zimanena chinthu chimodzi. Singano ikaima, ndiye kuti mwina pampu ikulowetsa pang'onopang'ono, kapena geji yanu ndi yaulesi monga a Jonah Lolemba m'mawa. Pitirizani kupopa mpaka singano idzuke, ifike pa 80. Ndikukumbuka kuti paphewa pa silinda pamadindidwa 250, kutanthauza kuti inayesedwa mpaka pamenepo. Kuchoka pa 80 kufika pa 250 ndi kutali ngati kuno ndi kwanuko. Palibe choopsa.

A Mwanamwalye anali munthu wabwino, koma ankagwira ntchito mwa chizolowezi. Inu tsopano muzigwira mwa kudziwa. Mundipatsire moni amayi, ndipo ngati n'kotheka munditumizireko sopo ndi mchere, kuno n'zodula.

Mwana wanu,
Keziah

Nottie Broadie, Livingstone
13 Ogasiti 2023

Mwana wanga,

Moni wa m'nyumba muno ukupeze. Sopo ndi mchere ndapatsa a Stanley, amayi ako aikamonso kapenta.

Kalata yako ndinaiwerenga kawiri, ndipo Jonah anaseka mpaka kutsokomola pa za geji yaulesi. Ndachita monga unanenera. Singano imakhala pa 55 nthawi yaitali, mpaka munthu kuyamba kukaika. Kenaka imadzuka mwadzidzidzi, ndipo ndimayenera kuchenjera, chifukwa kuchoka pa 55 kufika pa 80 ndi kamphindi chabe. Koma imadzuka, monga mwana wanga ananenera.

Makasitomala tsopano sakudandaula. Wa loji ina kufupi ndi bwalo la ndege akuti silinda yathu ikukhalitsa kuposa za ena, ndipo watibweretsera anzake awiri. Ndamuuza kuti ndili ndi mwana wa sayansi, osati masewera. Za sikelo ndamuuza wokonza uja kuti asathamange.

Chimodzi chokha, masilinda akundilemera masiku ano. Dzulo ndinalephera kukweza imodzi m'vani mpaka Jonah anandigwirira. Ukalamba sugogoda pakhomo. Uzilemba, usamachedwe.

Atate wako,
Misheck

Livingstone
24 Sepitembala

Ba Madamu,

Muli bwanji uko ku thengo? Ni ine Jonah. Usadabwe kuti nalemba kalata monga mudala, foni yanga banaiba ku Maramba Market, na ni yamene tinali kusebenzesa bonse pa nyumba. Inonge ali bwino, mimba yakula, manje ayenda monga bakha. Akuti iwe ndiwe uzapatsa mwana dzina, koma osati dzina ya mu buku ya sayansi.

Bizinesi iyenda. Pulobulemu inali imodzi chabe, koma naisiliza kale. Uziba pa vavu ya silinda pali kadisiki koonda, kamene kamang'ambika ngati mphamvu yachuluka mukati? Kuyambira pamene kwayamba kupya, tumadisiki twayamba kung'ambika tweka. Silinda ikankhala pa zuba pang'ono, phwaa, mpweya yonse yapita. Sabata yatha zitatu, imodzi pamaso pa kasitomala. Ba tate bakuti tumadisiki twa masiku ano ni twa feki, chifukwa ise tidzaza chabe pa 80 monga unakamba.

Manje ona nzeru. Natenga koini ya 50 ngwee, naigaya pa gilainda mpaka yalingana, naifaka pamalo pa disiki. Kuchokera apo palibe silinda yataya olo kamodzi. Nasiliza kale khumi na zinayi. Waona, Giredi 9 nayo ili na sayansi yake. Ine nasiya sukulu kuti iwe upitilize, koma mutu sinasiye kumeneko.

Masilinda yalema monga muli simenti, msana wanga uziba. Ukabwera Disembala unibweretsere nsomba youma ya mu Luangwa.

Ni ine mkulu wako,
Jonah

Paenvulopu: TSEGULANI POMWEPO, MUSADIKIRE

Sukulu ya Kamphande, Chama
10 Okutobala 2023

Atate,

Moni ndilemba pamapeto. Lekani kudzaza lero lomwe. Musakweze silinda iliyonse m'vani. Zonse zimene a Jonah anaikamo makoini muziike pamthunzi, muzithire madzi, kenaka mutsegule vavu pang'onopang'ono, panja, mpweya utuluke. Za kwa makasitomala muchite chimodzimodzi komweko, musazinyamule. Ndinakunamizani, Atate. Sindinadziwe, koma ndinakunamizani.

Kalata ya a Jonah yandipeza dzulo, inagona masabata awiri ku Lundazi. Nditawerenga za madisiki, ndinatulutsa buku langa la ku koleji, ndipo lamulo limene ndinakulemberani lili pa tsamba 212. Pa tsamba 219 pali mutu umene aphunzitsi athu anaulumpha, ati subwera pa mayeso. Nanenso ndimaulumpha ndi ana anga. Ndauwerenga dzulo koyamba.

Lamulo lija ndi la mpweya wa m'buku, wongoganizira, umene tizidutswa take tilibe kukula ndipo sitikokana. Mpweya wotere kulibe. Weniweni umatsatira lamulolo ukakhala womasuka, monga uwu tikupumawu. Koma mukaupanikiza, tizidutswa timayandikana n'kuyamba kugwirana, ndipo mpweya wanu wa kaboni umasanduka madzimadzi m'silinda momwemo. N'chifukwa chake singano imaima pa 55. Zimene mukupopa zikungosanduka madzimadzi n'kumadzaza pansi, ndipo geji siona madzimadzi. Silinda ya theka ndi yotsala pang'ono kudzaza zimaonetsa 55 zonse. Sikelo yokha ndi imene imadziwa kusiyana kwake.

Pamene singano imadzuka mwadzidzidzi paja, ndiye kuti madzimadzi afika kukhosi, malo atheratu. A Mwanamwalye ankayesa pasikelo kuti pamwamba pazitsala mpata. Madzimadzi akatentha amafufuma, ndipo sapanikizika. Akasowa kolowera amakankha chitsulo. Silinda yotero ikakhala padzuwa la mwezi uno, 80 uja akhoza kupitirira 250 musanamalize kumwa tiyi. Madisiki sanali abodza. Ankagwira ntchito yawo.

Ndakwera chulu katatu kuyesa nambala ya a Jonah, ndikudziwa kuti foni inabedwa, koma ndilibe nambala ina. Ya anansi athu a Mweetwa imene ndinali nayo akuti siikugwiranso ntchito. Ndapempha ahedi kuti ndibwere ndekha, akana chifukwa ndikuyang'anira mayeso. Kalatayi ndaipatsa woyendetsa lole ya thonje, ndamugwadira kuti aipereke kwa a Stanley pamanja.

Ndikuopa, Atate. Moni kwa amayi ndi alamu.

Keziah

Nottie Broadie
25 Okutobala

Keziah,

Ndine mayi ako. Atate ako sakutha kugwira cholembera.

Uthenga tinatumiza kwa ahedi ako pa foni yatsopano ya a Mweetwa, sitikudziwa ngati unafika. Jonah anatisiya Lachisanu pa 20. Tinamuika Lolemba.

Anapita kukapereka masilinda. Anaimika vani pafupi ndi msika wa Maramba kuti agulire Inonge masawu, poti ndi zimene ankalakalaka. Vani inakhala padzuwa, mazenera otseka. Atabwerako anatsegula chitseko cha kumbuyo kuti aike thumba. Anthu akuti kulira kwake kunamveka mpaka ku njanji. Mayi wina wogulitsa tomato anavulala mwendo, ali kuchipatala. Jonah sanafike kuchipatala. Bokosi sitinatsegule.

Apolisi atenga masilinda onse ndipo atseka shedi yathu yodzaziramo mpweya. Anafunsa atate ako kuti ndani anawauza kudzaza opanda sikelo. Iwo anati palibe. Ine ndinali pomwepo, sindinawatsutse.

Kalata yako yomaliza ndinaipeza m'thumba la shati lawo pochapa. Ndaiwerenga. Inachedwa. Za mpweya ine sindizidziwa, sindinapite patali ndi sukulu. Chimene ndikudziwa n'chakuti zaka makumi awiri ndi ziwiri amuna anga ankapita kushedi n'kubwerako, mwana wanga ankapita n'kubwerako, mpaka chaka chino pamene anayamba kufunsa mabuku.

Inonge apita naye kwa makolo ake ku Dambwa. Sakudya. Usafulumire kubwera, sindikudziwa kuti ndingakuyang'ane bwanji. Ndiwe mwana wanga, sindikukana. Koma mtima wanga ndi wowawa, ndipo sindikufuna kukunamiza.

Mayi ako,
Zione

Sukulu ya Kamphande, Chama
12 Novembala 2023

Okondedwa Atate,

Ndikhulupirira kuti Mulungu akukusungani. Iyi ndi kalata yachiwiri kuchokera pamene ndinamva. Yoyamba simunayankhe, ndipo ndikumvetsa.

Uthenga unandipeza Lachiwiri, mutaika kale. Ahedi anandipatsa masiku asanu, ndinafika mpaka ku Lundazi, ndinaima pafupi ndi basi mpaka inanyamuka. Sindinakwere, ndinabwerera kusukulu. Kalata ya amayi inabwera pambuyo pake, ndipo ananena zoona.

Ndimawerenga masiku, Atate. Kalata ya a Jonah ikanapanda kugona ku Lundazi. Ndikanathawa mayeso aja n'kukwera lole ndekha. Ndikanatembenuza masamba asanu ndi awiri okha mu Juni, ndisanakuyankheni. Munandifunsa ngati munthu wodziwa, ndipo ine ndinayankha ngati munthu wodziwa, chifukwa zinandikomera kuti atate anga akufunsa ine. Ndinanyoza a Mwanamwalye m'kalata. A Jonah anasiya sukulu kuti ine ndiphunzire, ndipo zimene ndinaphunzirazo n'zimene zawapha.

Amayi akuti munauza apolisi kuti palibe anakulangizani. Musandibise. Kalata yanga ya Juni muipereke, ndinaisainira dzina langa. Ndauza ahedi kuti temu ikatha ndisiya ntchito. Lachitatu ndinaima kutsogolo kwa ana, choko m'manja, ndinalephera kulemba lamulo lija pabolodi.

Disembala sindibwera. Sindikufuna kuti alamu anga akabereke akudziwa kuti ndili m'tauni momwemo. Ngati simukufuna kundilembera, uzani a Stanley mawu amodzi okha, akuti muli moyo.

Mwana wanu,
Keziah

Nottie Broadie, Livingstone
10 Disembala 2023

Wokondedwa mwana wanga Keziah,

Ndili moyo. Amayi ako alipo. Inonge anabereka Lachiwiri, mwana wamwamuna, wamphumi ngati atate ake. Dzina sanapatsidwe.

Makalata ako awiri ndinalandira. Sindinayankhe, ndipo iwe unayesa kuti ndakukwiyira. Sunali mkwiyo. Kuyankha kunafuna kuti ndinene chinthu chimene ndinalibe mphamvu yochinena. Dzulo ndawauza amayi ako. Lero ndikuuza iwe.

Choyamba, za kalata ya Juni. Sindiipereka, ndinaiwotcha. Unalakwitsa, sindikunamiza, ndiwe wamkulu. Koma wodzaza masilinda ndine. Zaka zonsezi manja anga akudziwa kulemera kwa silinda yodzaza bwino monga amayi ako adziwira mchere wa m'ndiwo osalawa. Mu Ogasiti manja anandiuza kuti masilinda apitirira. Ndinakulembera kuti ndi ukalamba. Ndinadziwa kuti si ukalamba. Ndinafuna kuti mwana wanga akhale wolondola, chifukwa ndinali nditauza kale tauni yonse. Makoini aja Jonah ankagaya ine ndili pomwepo, gilainda ndinamubwereka ndine.

Chachiwiri ndi ichi. Amayi ako anakulembera kuti kalata yako inachedwa. Ndi mmene ankadziwira. Sinachedwe.

A Stanley anabwera nayo Lachisanu lomwelo, nthawi ya 10 m'mawa. Anatsika basi n'kubwera molunjika, osapita kaye kunyumba kwawo, poti wa lole anawauza kuti mtsikanayo ankalira. Zimenezo anazinena, koma pampu inali ikulira ndipo makutu anga ukuwadziwa, moti ndinadzazimva pambuyo pake. Anandipeza pashedi. Jonah anali pomwepo, akukweza masilinda m'vani.

Ndinaona zimene unalemba paenvulopu. Ndinaziwerenga bwinobwino. Ndinaganiza kuti ndi nkhani yabwino, kuti mwina akukweza pantchito kapena akusamutsira kufupi ndi kuno, ndipo chimwemwe chakulepheretsa kudikira. Ndinamuonetsa Jonah. Iye anaseka, anati, "Tsegulani ba tate, kapena ba Madamu bapeza mwamuna."

Ndinakana. Amayi ako anali atapita ku msonkhano wa amayi kutchalitchi. Ndinati, "Kalata ya Keziah sitiwerenga opereweza. Pita ukapereke, tiwerenga tonse pa nkhomaliro." Ndinaiika m'thumba la shati. Silinda yomaliza tinanyamula awiri, iye kumutu, ine kumiyendo, kalata yako ili pachifuwa panga. Ndinamutsegulira geti.

Ndinaitsegula madzulo, titachoka kunyumba yachisoni. Mzere wachitatu unati musakweze silinda iliyonse m'vani.

Choncho leka kuwerenga masiku a ku Lundazi. Iwe unalakwa mu Juni, ndipo mu Okutobala unathamanga kudzakonza, unafika nthawi ikadalipo. Amene anachedwa ndine, pofuna kudikira maola atatu okha mpaka nkhomaliro. Amayi ako sanandilankhule kuyambira dzulo, koma m'mawa uno atulutsa bulangeti lako n'kuliyanika padzuwa.

Za ntchito, sindikulamula. Ndingoti sikelo ija inabwera kuchokera kwa wokonza sabata yatha, yokonzedwa bwino, ili pakhonde ndipo ilibe choyeza. Iwe usakhale choncho. Tsamba lija unalilumpha, tsopano palibe mphunzitsi m'dziko muno amene akulidziwa kuposa iwe.

Bwera. Dzulo lomwelo ndinapita ku Dambwa, ndinamuuza Inonge zonse monga ndakuuzira iwe. Analira nthawi yaitali, sindikudziwa ngati adzandikhululukira. Potuluka anandiitana, anati Jonah ananena kuti dzina adzapereka ndi mlongo wake, ndipo iye sasintha mawu a mwamuna wake. Mwanayo akudikira iwe.

Ukayankha, upatse a Stanley monga kale. Ndidzaitsegula pageti pomwepo, nditaimirira, ndili ndekha.

Ndine atate wako,
Misheck